Mlongo Wathu Anasankha Jombo

M'nyumba mwathu ku Chawama tinabadwa anyamata atatu, kenako mtsikana mmodzi wothela. Tsiku limene anatiuza kuti wapeleka mapepala kuti alowe usilikali, tinali pa nsima ya madzulo. Tonse atatu tinaseka. Wina anati mwina afuna kukaphikila masoja, wina anati akakhale cabe nesi wa ku kampu. Iye anasamba m'manja, n'kukamba kuti, "Iyai, ine nifuna kunyamula mfuti monga anzanga onse." Kuseka kunathela pamenepo.

Zimene tinamuuza wiki imeneyo siticita nazo matama. Tinati nkhondo si masewela a atsikana. Tinati kulibe mwamuna angakwatile mkazi wodziwa kuombela. Tinamufunsa kuti akagwidwa na adani adzamucita ciani. Tinali kuona monga tikumuteteza, koma pa ife atatu kulibe olo mmodzi amene anaganizapo zovala yunifomu. Wamkulu ayendetsa minibasi, waciwili agulitsa mafoni ku Kamwala, wacitatu akali ku koleji. Zonse zimene tinali kudziwa za nkhondo tinaziona m'mafilimu.

Amene anatikhazika pansi ni amai aakulu, akulu ao a amai athu. Pa Sondo anabwela na envulopu yakale, n'kutulutsamo cithunzi cakuda na coyela. Panali kamtsikana koonda, kometa mpala, kovala yunifomu yaikulu kupambana thupi lake, mfuti ili pa phewa. Anatifunsa kuti, "Anyamata inu, uyu ni ndani?" Tinayang'anana. Anati, "Ndine. 1977."

M'zaka zimenezo, boma la a Kaunda linali kutumiza onse otsiliza Form 5, anyamata na atsikana omwe, ku Zambia National Service. Anali kuyamba na maphunzilo a usilikali: kuguba, kumasula na kumanga mfuti, kuombela. Pambuyo pake anali kupita kukalima. Boma linacita zimenezi cifukwa dziko lathu linali pakati pa moto. Zambia inasunga omenyela ufulu a ku Zimbabwe, Namibia na South Africa, ndipo boma la Ian Smith ku Rhodesia linali kutumiza ndeke na asilikali kudzawasakila konkuno.

Amai aakulu anatikumbutsa tsiku limene ife sitinaphunzilepo kusukulu: 19 October 1978. Tsiku limenelo ndeke za Rhodesia zinaphulitsa kampu ya ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka. Tsiku lomwelo asilikali ao anaukila kampu ina ku Mkushi, kumene atsikana a gulu la ZIPRA anali kuphunzila usilikali. Atsikana ambili anafela pamenepo, ndipo manda ao akali m'dothi la Zambia mpaka lelo. Amai aakulu anati, "Bomba likamagwa silifunsa kuti pansi pali mkazi kapena mwamuna. Manje inu mufuna kufunsa pambuyo pa zaka zonsezi?"

Usiku umenewo tinayamba kuona kuti funso lathu lakuti "kodi mkazi angamenye nkhondo?" linacedwa kufika. Ku Mozambique, FRELIMO inakhazikitsa gulu la asilikali aakazi mu 1967, ndipo Josina Machel anali mmodzi wa iwo. Aja tinaona mu filimu ya The Woman King si nthano cabe: ufumu wa Dahomey, kumene manje ni Benin, unali na gulu la nkhondo la akazi. Codabwitsa n'cakuti maiko amene timaona monga ali patsogolo anacedwa kutsegula zitseko zonse. America inalola akazi kugwila nchito iliyonse ya kumalo omenyela nkhondo mu December 2015, Britain mu 2018. Kuno kwathu, mu 2017 nyuzipepala zinadzala na nkhani ya Thokozile Muwamba, mkazi woyamba kuyendetsa ndeke ya nkhondo mu Zambia Air Force. Nkhani imeneyo tinaikondwela pa Facebook. Kuombela m'manja mwana wa eni n'kosavuta. Kunativuta pamene anali wathu.

Koma tisaname, mantha athu sanali opanda maziko onse. Msilikali wa pansi amayenda mitunda itali-itali atanyamula mfuti, zipolopolo, madzi na cikwama colema. Mnzake akalasidwa, afunika kumunyamula. Akazi ambili sangakwanitse zimenezi, ndipo amuna ambili naonso sangakwanitse, kuphatikizapo awili mwa ife amene timapuma wefuwefu tikathamangila basi. Conco tinagwilizana cinthu cimodzi: muyeso ukhale umodzi. Ngati nchito ifuna munthu wonyamula makilo akuti-akuti pa mtunda wakuti, aliyense wokwanitsa apite, wolephela abwelele. Kucepetsa muyeso cifukwa ni mkazi n'kumunyoza, komanso n'kuika anzake pa ngozi. Kumukaniza asanayese n'kumubela mwai. Pamene tinakamba zimenezi, mlongo wathu anatifunsa kuti, "Nanga cigubu ca malita 20 cimene nimatapa pampopi m'mawa uliwonse, mumaona monga cimalema bwanji?" Cimalema makilo 20. Anayamba kucinyamula ali mu Grade 5, ife tikali m'tulo.

Nkhani yogwidwa na adani ni imene inatisowetsa mtendele kwambili, ndipo ikali kutisowetsa. Pa nkhondo akazi amagwililidwa, n'zoona. Koma ambili amene zimawacitikila si asilikali; ni azimai a m'midzi amene alibe mfuti olo maphunzilo odzitetezela. Ndipo tinadzifunsa kuti, n'cifukwa ciani timapita kukamucingamila pa siteshoni ya basi kukada? M'komboni mwathu mulibe nkhondo, koma timayopa. Ngati coopsa ni khalidwe la amuna, cofunika kukonza ni khalidwe limenelo, kaya pa mseu, kaya m'kampu. Mtsikana wovala yunifomu afunika kukhala na kumene angakadandaule wamkulu wake akamuvutitsa, popanda kuyopa kutaya nchito. Kufanana kwa zoona kuli pamenepo, osati pa cithunzi cokongola ca pa 8 March cabe.

Palinso mbali ina imene sitinali kuidziwa. Kucokela mu 2015, Zambia imatumiza asilikali ku Central African Republic pansi pa United Nations, ndipo amakhala ku Birao, kufupi na malile a Sudan na Chad. Pakati pao pali akazi. Kumeneko, mzimai wa m'mudzi sangafotokozele mwamuna wacilendo wonyamula mfuti zimene zinamucitikila, ndipo mwamuna sangamufufuze m'thupi pa malo osecela. Msilikali wamkazi angacite zonse ziwili, ndipo nthawi zina amamva nkhani zimene zingapulumutse gulu lonse. Koma akakwela galimoto yolondela, ngozi ni imodzimodzi. Asilikali ena a Zambia anafela kumeneko. Ngati ngozi amagawana mofanana, ndiye kuti malipilo, ulemu na mwai wokwezedwa pa udindo afunikanso kugawana mofanana.

Apa m'pamene nkhani ya kufanana imawawa. Kuvomela kuti mlongo wathu ali na ufulu wosankha nchito imeneyi kutanthauza kuvomelanso kuti tsiku lina galimoto ya boma ingaime pa geti pathu na uthenga woipa. Amai athu amadziwa zimenezi, ndiye cifukwa cake foni ikalila usiku amadzuka msanga kupambana ife tonse. Ife nkhondo sitiikonda, ndipo sitifuna kuti mwana wa munthu aliyense akafele kumeneko. Koma makolo a anyamata akhala akunyamula mantha amenewa kwa zaka zambili, ndipo kulibe anawauza kuti atsekele ana ao m'nyumba.

Tinamupelekeza pa Intercity na thilanki yake yacitsulo. Pa tsiku lotsiliza maphunzilo tinapita tonse, pamodzi na amai aakulu. Mizele itayamba kuguba, tinamusakila na maso mpaka kutopa, koma sitinamuzindikile. Onse anali kuponda mofanana. Amai aakulu ndiwo anamuona coyamba, n'kuyamba kululutila.

Atabwela pa chuti coyamba, tinali pa khonde kumvetsela nkhani zake za m'thengo. Dzuwa litalowa, mkulu wathu anakamba mwacizolowezi kuti, "Iwe, njala yatipha, ika madzi a nsima." Mlongo wathu sanayankhe. Anangomuyang'ana, uku apukuta jombo zake. Panapita kamphindi. Kenako mkulu wathu anaimilila yekha, n'kupita kukasakila mbaula. Nsima ya tsiku limenelo inali na mibulu, koma tinaidya yonse.