Kalata kwa mwana wanga wopita ku Johannesburg

Kasungu, Lamlungu usiku

Mwana wanga wokondedwa,

Kalatayi ndayibisa pansi pa chitenje chobiriwira chija mu sutikesi, uipeza ukamatulutsa katundu. Pamaso sindikanatha, ukundidziwa, misozi imandiyambirira mawu asanathe. Lachinayi usiku malume ako anaimba foni 11 koloko itadutsa, ndipo chiyambire tsikulo sindikuona tulo. Msuweni wako anamutola m'ngalande kuseri kwa msika, fungo la kachasu lili guu, nsapato atamuvula. Mnyamata uja tinkakuuza kuti utengere chitsanzo.

Iwe unkaona tayi ndi zithunzi za pa Facebook. Ine ndinaona zambiri. Anali hedi boyi, wapampando wa kalabu ya mtsutso, wapampando wa kalabu ya zachilengedwe, mlembi wa gulu la mapemphero, kenako anayambitsa kabungwe kake kodzala mitengo. Wina anamuuza kuti makoleji akuluakulu a ku America safuna mapointi okha, amafuna atsogoleri. Anamuuza zoona, koma theka lake. Fomu ya Common Application, imene iwenso udzalemba chaka chachiwiri, ili ndi malo khumi olembapo zimene mwana amachita kunja kwa kalasi, ndipo palinso nkhani ya mawu osapitirira 650 yofotokoza za iwe mwini. Iye malo khumiwo anawaona ngati nkhokwe khumi zoti zidzaze zonse. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pulepu ya madzulo iye ali ku msonkhano, Loweruka ali ku msonkhano, masamu akumudikira.

Chimene sanamuuze n'chakuti anthu aja amayamba ayang'ana magiredi. Ku Harvard zaka zino, pa ana 100 ofunsira malo amangotenga atatu kapena anayi, ndipo ofunsirawo ambiri ndi ma hedi boyi ndi ma hedi gelo kwawoko. Utsogoleri amauyang'ana pofuna kusiyanitsa ana amene akhoza kale bwino. Sulowa m'malo mwa fizikisi yolephera. Makoleji onse amene anafunsira anamukana. Atatembenuka kuti ayese kuno kwathu, anapeza kuti a NCHE posankha opita ku UNIMA, MUBAS, KUHeS kaya MUST amawerenga mapointi a MSCE a maphunziro asanu ndi limodzi, safunsa kuti unakhalapo wapampando wa chiyani. Iye anali ndi 34. Dzina lake silinatuluke.

Pali china sindinakuuzepo, ngakhale bambo ako sachidziwa. Kalata yochitira umboni za mitengo ija ndinalemba ndine. Anabwera kunyumba kuno, nakhala pampando wa pakhonde uja, n'kuti azakhali, inu ndinu aphunzitsi, mawu anu awakhulupirira. Pa fomu analemba kuti anadzala mitengo 2,000. Nazale yake ndinakaiona ndi maso angawa: timachubu tosakwana 50 kuseri kwa khitchini, dothi litauma gwa, timbande titatu tokha tili moyo. Ndinasaina. Ndinati ndi mwana wa mlongo wanga, ndimuthandize. Lero ndikamva zoti wagona m'ngalande ndimaona cholembera changa chija. Iwe usadzandipemphe kalata yotero, ndipo usadzaipemphe kwa mphunzitsi wina aliyense. Ukadzala mitengo isanu udzalembe isanu, n'kufotokoza kuti iwiri inauma chifukwa chiyani.

Kumene ukupitako dzina lenilenilo ndi African Leadership Academy, ndiye mawu oti utsogoleri uziwamva m'mawa, masana ndi usiku. N'chimene chikundiopsa. Kumbukira kuti William Kamkwamba wa kwa Wimbe konkuno anali m'gulu loyamba la sukulu imeneyo mu 2008, n'kupita ku Dartmouth kumene anamaliza mu 2014. Pamene ankamanga makina ake amphepo ndi mitengo ya bulugamu ndi zitsulo za njinga, atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2002, sanali wapampando wa chilichonse. Anthu ankamuti wamisala. Ankafuna getsi m'nyumba mwawo, basi. Iwe sankha chinthu chimodzi, kaya ziwiri, chimene ungachite ngakhale palibe wokujambula. Kaja kophunzitsa ana a Sitandade 3 kuwerenga unkachita ku tchalitchi Loweruka, ana asanu ndi atatu okha aja, n'kamtengo wapatali kuposa maudindo onse a msuweni wako, chifukwa ana aja lero akuwerenga ndipo amayi awo angachitire umboni.

Ine udindo wanga woyamba unali woimba belu, chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa mu mtengo wa mango. Ndinkadzimva ngati nduna. Nthawi ya Kamuzu, pa sabata ya achinyamata, tinkanyamula makasu kukalambula msewu ndi kufolera nyumba za agogo, popanda wotipatsa satifiketi. Sindikuti masiku amenewo anali abwino, tinkapita mokakamizidwa, koma denga tinafolera kwa gogo wina wakhungu linatha zaka zitatu osadontha, ndipo mpaka lero ndimanyadira. Koma ndikupatuka.

Juzi yakuda ija usaibwereketse, kumeneko Juni ndi Julayi kumazizira kuposa ku Dedza. Pasipoti uzisunga pamodzi ndi chikalata cha chilolezo. Usatuluke pasukulu wekha. Uzidya, iwe ukakhumudwa umasiya kudya. Za anyamata tinakambirana kale.

Kuno bambo ako akuti ndikuuze kuti chimanga tagulitsa matumba asanu ndi limodzi, zotsalazo n'zakudya. Mng'ono wako akudikira kulanda bedi lako. Agogo mwendo ukuwavutabe, akuti usaiwale mapemphero. Mbuzi yoyera ija yaswa awiri.

Malume ako pa foni paja ankangobwereza kuti achemwali, ndinalakwa pati? Anagulitsa ng'ombe kulipira munthu wina wa mu tawuni amene analonjeza kuti amupezera mnyamatayo malo ku America. Munthuyo foni yake siikupezekanso. Wina akadzakuuza kuti ali ndi njira yachidule, undiimbire kaye. Alangizi a za makoleji pasukulu pako alipo, upite kwa iwo.

Mwana wanga, ine sindikukutuma ku Harvard. Ukapezako malo tidzavina mpaka fumbi koboo, ukapanda kupeza udzabwera, tidzaona pochita, nsima ilipo. Chimene sindingapirire ndi foni ya usiku ngati ija. Akakusankha pa udindo uyambe wafunsa kuti ukudyera maola angati pa sabata, ndipo ukaona magiredi ayamba kutsika utule, usachite manyazi. Zikakuvuta usandibisire monga anachitira msuweni wako, amene ankatitumizira zithunzi akumwetulira pamene mayeso oyeserera anali atalephera. Chonde, ndagwira mwendo wako, uzindiimbira Lamlungu lililonse, ngakhale mphindi ziwiri, ndingomva mawu ako. Ndipo msuweni wako umulembere kauthenga, iwe amakumvera.

Ndine mayi ako.