Akuti bola azungu atilande: zimene mwana wa ku Phwezi waona ku Basra

Magetsi atazima tsiku lonse, mafuta atasowa pa Mzuzu, munthu wina analemba pagulu la WhatsApp la ana a ku Henga kuti dziko lino latikanika, bola azungu angobwera kudzatilanda n'kumalamulira okha. Angapo anavomereza. Mawuwa anamubaya mumtima mwana wina wa ku Phwezi amene amakonza majenereta mumzinda wa Basra, kummwera kwa Iraq, chifukwa iye amadya ndi kugona pakati pa anthu amene zimenezo zinawachitikiradi.

Magetsi omwewo ndiwo amamudyetsa. Iraq imapopa migolo ya mafuta yoposa 4 miliyoni patsiku, ndipo ambiri amachokera ku Basra komweko, kumene usiku malawi a gasi amafiiritsa kumwamba. Koma magetsi a boma amabwera n'kuzima, m'chilimwe chimene kutentha kumafika madigiri 50. Choncho dera lililonse lili ndi chijenereta cha munthu wabizinesi, ndipo banja limagula magetsi poyeza ma-ampere, n'kumalipira mwezi ndi mwezi pamwamba pa bilu ya boma. Mawaya apiringizana m'misewu ngati ukonde wa kangaude. Wosauka amagula ongokwanira fani ndi firiji, ana n'kumagona padenga. Madzi nawo ndi ogula: mu 2018 anthu oposa 100,000 anathamangira kuchipatala atamwa madzi oipa a mumtsinje wa Shatt al-Arab. Uwutu ndi mzinda umene asilikali a Britain anauyang'anira kuyambira 2003 mpaka 2007.

Nkhondo yolanda Iraq inayamba pa 20 Malichi 2003, pa chifukwa choti mtsogoleri wa dzikolo, Saddam Hussein, akubisa zida zopha anthu ambirimbiri nthawi imodzi. Zidazo sizinapezeke. Baghdad inagwa pa 9 Epulo, ndipo mwezi wotsatira Paul Bremer, amene America inamuika kuti ayendetse dzikolo, anasaina malamulo awiri: lochotsa ntchito akuluakulu a chipani cha Saddam cha Baath, ndi lothetsa gulu lonse lankhondo. Amuna pafupifupi 400,000 odziwa mfuti anabwerera kunyumba opanda malipiro. Aphunzitsi ndi akatswiri ambiri, amene anatenga khadi la chipani pongofuna kusunga ntchito, anachotsedwa nawo. Aliyense amene anakula nthawi ya Kamuzu akudziwa kuti khadi la chipani silinena zimene zili mumtima mwa munthu.

Mnyamata wa ku Phweziyu sakana kuti Saddam anali wankhanza, ndipo anzake a kuntchito, ambiri a Chishia, salola kuti wina aiwale zimenezo. Amakumbukira abale amene anasowa boma litaphwanya kuukira kwa 1991, ndi madambo aakulu a kummwera amene Saddam anawaumitsa dala polanga anthu ake. Akurdi amakumbukira Halabja, kumene mu Malichi 1988 mpweya wa poizoni unapha anthu pafupifupi 5,000. Saddam atagwa, pali zimene zinasinthadi. Mafoni a m'manja anafika, anthu amatukwana nduna pa TV, mzinda wa Erbil wamangidwa, ndipo ulendo wapansi wa Arbaeen wopita ku Karbala, umene unali woletsedwa, lero amauyenda anthu mamiliyoni. Mnyamatayu anaima m'mbali mwa msewu kudabwa: mahema ndandanda, anthu wamba akugawa mpunga, tiyi ndi madzi ulele, ena kupempha kuti akusisite mapazi ngakhale ndiwe mlendo wachikhristu. Kuchereza kotero sanakuonepo kwina kulikonse.

Koma ukawafunsa anthu omwewo ngati moyo unakoma, amayamba kuwerenga maliro. Bungwe la Iraq Body Count lalemba anthu wamba oposa 180,000 ophedwa mwachiwawa chiyambire 2003. Bomba litaphulitsa kachisi wa al-Askari ku Samarra mu Febuluwale 2006, munthu ankatha kuphedwa pa rodibuloko chifukwa cha dzina lolembedwa pachitupa, poti limaulula ngati ndi Msuni kapena Mshia. Panali zithunzi za kundende ya Abu Ghraib mu 2004. Panali ISIS, imene inalanda Mosul mu Juni 2014 n'kugulitsa akazi a Chiyazidi ngati katundu. Kadhim al-Jabbouri, amene anamenya ndi chihamala chipilala cha Saddam pa Firdos Square ku Baghdad, anadzauza BBC mu 2016 kuti akunong'oneza bondo, poti pamalo pa Saddam mmodzi pabwera a Saddam 1,000.

Apa m'pamene kumudzi kumamusowa mnyamata wa ku Phwezi uja. Malume ake atamwalira sanapite kumaliro, abwana atakana tchuthi, ndipo analirira m'kachipinda, akumvera nyimbo za maliro pafoni. Ndalama imene amatumiza imathera feteleza ndi fizi, moti nyumba imene anayamba kumanga idakali pa windo. Amalakalaka kamphepo ka m'mawa kotsika m'mapiri a Nyika, ndi kukhala pa M1 madzulo kudya chimanga chootcha, popanda msilikali womufunsa mtundu wake. Amayi ake akaimba foni amangofunsa chimodzi: «Kodi uko mfuti zinaleka, mwana wanga?»

Chimene chimamupweteka kwambiri n'chakuti Ahenga ndiwo sayenera kuiwala. Angoni a M'mbelwa atafika m'zaka za m'ma 1850 anagwetsa ufumu wa Chikulamayembe, umene unadzabwezeretsedwa mu 1907, ndipo Ahenga ena anathawira ku Karonga. Angelezi nawo anabwera ndi chifukwa chomveka, chothetsa ukapolo, ndipo anamupachikadi Mlozi, wogulitsa akapolo, ku Karonga mu Disembala 1895. Sukulu ya ku Khondowe inaphunzitsa ambiri, palibe angatsutse. Koma pambuyo pake panabwera msonkho wa nyumba umene unathamangitsira azibambo ku migodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia, kenako chitaganya cha 1953 chimene anthu anachikana poyera, kenako zipolopolo za pa Nkhata Bay pa 3 Malichi 1959.

Ndipo ulamuliro wa chipani chimodzi sunachotsedwe ndi akasinja a kunja. Maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata yawo mu Malichi 1992. Pa 6 Epulo, Chakufwa Chihana, mwana wa ku Mhuju m'chigwa chomwechi cha Henga, anatsika ndege ku Lilongwe akudziwa kuti amangidwa, ndipo anamangidwadi. Maiko opereka thandizo anaimitsa ndalama zawo, zimenezo zinathandiza, koma amene anaima pamzere pa 14 Juni 1993 kusankha nyali ya zipani zambiri anali Amalawi. Maofesi a boma sanatsekedwe, aphunzitsi sanachotsedwe, asilikali sanauzidwe kuti azipita kwawo.

Mu 2019 maiko onse awiri anali pamsewu. Kuno anthu ankakana zotsatira za chisankho cha mu Meyi, asilikali a MDF akuyenda pambali kuwateteza, mpaka khoti linafafaniza chisankhocho pa 3 Febuluwale 2020 ndipo anthu anavotanso mu Juni. Ku Baghdad ndi Basra, achinyamata, ambiri oti nthawi ya Saddam anali makanda, anatuluka mu Okutobala kufuna ntchito, magetsi, ndi kutha kwa muhasasa, dongosolo logawana maunduna potengera mtundu ndi chipembedzo limene linakhazikika nthawi ya Bremer. Oposa 500 anaphedwa. Nduna yaikulu Adil Abdul-Mahdi inatula pansi udindo, koma maunduna akugawanabe momwemo mpaka lero.