Lumo la Agogo ndi Mpeni wa Dokotala

Inu amene munakula m'nyumba muli kalilole mmodzi yekha, wobenthuka pakona, fungo la nsatsi simunaliiwale. Agogo anga aakazi ankakazinga nsatsi m'phale, kuzisinja, kuziwiritsa mpaka mafuta atayandama, kenaka n'kuwayengulira m'nsupa. Linali fungo lolemera, losakanikirana ndi utsi, lotsalira pamphasa munthu atadzuka. Akabwera kumtsinje, atakwecha zidendene ndi mwala, ankadzola mafutawo khungu n'kuchita kung'anima. Apo ndiye mphini zawo zinkaonekera bwino, timizere titatu patsaya lililonse, tina pamphumi. Ndili mwana ndinkayendetsapo chala, ndipo zinkamveka ngati timbewu ta mapira tobisika kunsi kwa khungu.

Lero mdzukulu wanga amadziyang'anira pa foni, ndipo foniyo imayamba yamusalaza nkhope ndi kumuchepetsa mphuno isanamuonetse. Ndiye anandiuza za BBL: dokotala amayamwa mafuta a pamimba ndi m'chiuno n'kukawabaya kumbina. Ena amakwera ndege mpaka ku Istanbul kapena ku Johannesburg kukakweza mabere, kukasemetsa mphuno, kukaphwetsa mimba. Ankafotokoza maso ali gwa, ngati dziko layamba dzulo. Ana inu, kucheka thupi pofuna kukongola mwakupeza, simunakuyambe.

David Livingstone atafika kuchigwa cha Shire mu 1859, anapeza amayi achimang'anja atavala pelele, kamkombero ka nsungwi kapena mnyanga kolowetsa m'mlomo wam'mwamba. Ankaboola mtsikana akadali wamng'ono, n'kumakulitsa bowolo pang'onopang'ono. Amayi achiyao anali ndi chipini pamphuno, ena ankasongola mano. Mtima wanga umafuna kunena kuti zonsezo zinali ulemu ndi mwambo basi, koma ndingakhale ndikunama. Lumo limodzi linkatema atsikana angapo. Mankhwala oletsa ululu kunalibe, m'bala ankatikitamo makala, ndipo zilonda zina zinkatukusira. Mtsikana sankafunsidwa maganizo. Wokana ankasekedwa pachitsime mpaka atagonja.

Pamenepa lero lapambana kale. Munthu amagonekedwa tulo, zipangizo zimaphikidwa, ndipo amasaina yekha kuti wavomera. Luso lokonza thupi ndi mpeni linakula pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pomwe dokotala Harold Gillies ankakonza nkhope za asilikali ovulala ku England. Ndi luso lomwelo limene limasoka mwana wobadwa ndi mlomo wong'ambika, limene limaongola zala za mwana amene anagwera pamoto. Kale mwana wotere ankabisidwa kuseri kwa nyumba alendo akabwera. Lero amapita kusukulu, n'kumaimika dzanja m'kalasi. Mayi amene msana umamuwawa ndi kulemera kwa mabere akawachepetsa amapeza mpumulo weniweni. Mpeni wotere ine ndimauvulira chipewa.

Nanga ife a pakatikati, tinali oyera m'manja? Kumbukirani Loweruka masana, chisa chachitsulo chili pambaula, mutu wapakidwa Vaseline. Chisacho chikakhudza tsitsi kunkamveka tswee, fungo la tsitsi lopserera n'kudzaza khonde lonse, ndipo ndi ochepa amene anapulumuka chipsera pakhutu. Kumbukirani Ambi, mafuta oyeretsa khungu aja, ndi mwano uja woti nkhope Fanta miyendo Coca-Cola. Ife anyamata tinkaseka, komanso ndife tomwe tinkathamangira oyerawo. Zaka zitapita, masaya ambiri anatuluka zigamba zakuda zosachoka. Dziko la South Africa linaletsa mankhwala oyeretsa khungu a hydroquinone m'mafuta odzola mu 1990, koma nkhope zambiri zinali zitapsa kale.

Mtengo wa lero ndi wokwera kuposa chipsera cha pakhutu. Mu October 2005, Stella Obasanjo, mkazi wa pulezidenti wa Nigeria, anamwalira ku Spain atachitidwa opaleshoni yochotsa mafuta m'thupi. Ndalama anali nazo, koma sizinamuombole. Pa BBL, mafuta akalowa m'mtsempha waukulu wa magazi amathamangira kumapapo, ndipo munthu akhoza kutsirizika ali pabedi pomwepo. Wopulumuka amatha milungu akugona chafufumimba, osakhala pansi bwinobwino. Zoika m'mabere nazo si zamuyaya, pakapita zaka zimafuna mpeni wina. Zithunzi za pa Instagram zimaonetsa diresi ndi chiuno, sizionetsa mabandeji, mafinya ndi ngongole. Walira mvula walira matope.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi nkhani ya kudzidalira. Agogo akatemedwa mphini, nkhani inkathera pomwepo. Mudzi wonse unkavomereza kuti namwali wakongola, ndipo panalibe wobwera mawa kudzati onjezera. Foni siinena kuti basi zakwana. Wakonza mphuno lero, mawa ikuonetsa milomo ya wina, mkuja chiuno cha wina. Amene anali ndi chinthu chimodzi chomuvutitsa, chodziwika, kawirikawiri amatuluka m'chipatala mtima utatsika. Koma amene akufuna kuti mwamuna wothawa abwerere, kapena kuti anzake asiye kumunyoza, amadzuka ndi thupi latsopano, chisoni chili chomwechija.

Komabe ngakhale chivomerezo cha mudzi sichinakhalitse. Agogo atakalamba tinapita nawo kutauni, ndipo m'basi ana ankawaloza masaya n'kumanong'onezana. Ndinawaona akukokera duku kutsogolo. Mphini zomwe zinawapezetsa banja zinali zitasanduka chizindikiro cha kumudzi. Pelele anatha, koma amene anaboola milomo anafa ndi mabowo awo. Dzulo atsikana ankadzimana nsima kuti aonde, lero akumwa mapilitsi kuti anenepe. Fasho imasamuka, chipsera chimatsala ndi mwini wake.

Tsono mdzukulu wanga, ndi inu nonse a msinkhu wake, thupi ndi lanu ndipo sindikulandani. Ngati pali chilema kapena ululu, pitani kwa dokotala wodziwa bwino ntchitoyo, mufunse kuopsa kwake, ndiponso amene adzakusamaleni mukabwerera kwanu. Koma ngati chikukutumani ndi chithunzi cha munthu amene simunakumanepo naye, dikirani chaka chathunthu musanalipire kalikonse. Chikadzakhala chikukuvutitsanibe, mudzaganize bwino. Ndipo inu anzanga a imvi, musanamunyoze mwanayo, yambani mwamuuza kuti ndi wokongola, chifukwa ambiri akupita kumpeni asanamvepo mawu amenewo pakhomo pawo.