Kalata kwa Mphwanga Wofuna Kugula Mfuti Yake Yoyamba

Wokondedwa mphwanga,

Ndikhulupirira kuti nonse mukudzuka bwino kumeneko ku Johannesburg, iwe, mayi a kunyumba ndi ana. Ife kuno ku Ntcheu tilipo, mayi ako nawonso ali bwino ndipo akupereka moni.

Uthenga wako ndaumva. Wati achifwamba avuta m'dera limene muli sitolo yako, ndiye waganiza zogula mfuti yam'manja yodzitetezera, yomwenso uzikaphunzirira kuwombera kumapeto kwa sabata. Wachita bwino kufunsa usanatulutse ndalama. Ine ndinadya thukuta langa pa ntchito yaulonda wonyamula mfuti m'dziko la South Africa, choncho ndikuyankha mosabisa mawu. Sindikukuletsa. Ndiwe bambo wa pakhomo, ndipo kuteteza banja ndi udindo wako. Koma dziwa kuti mfuti yabwino kwa iwe ndi imene ungathe kulasa nayo pamene walinga, imene thumba lako lingakwanitse kuigulira zipolopolo zophunzirira mwezi ndi mwezi, ndiponso imene ungaisunge mwana osaikhudza. Maonekedwe ndi kutchuka kwa dzina zibwere pambuyo.

Usanapite kusitolo ya mfuti, yamba wadzifunsa wekha. Kodi ukapsa mtima umatha kudzigwira? Kodi ukamwa mowa umakhala munthu wotani? Kodi m'nyumba mwanu mukasemphana mawu zimathera pati? Mfuti imakhala m'nyumba usiku ndi usana, pamene wakuba amabwera mwa apo ndi apo. Imakhalapo tsiku limene mwakangana ndi mkazi wako, imakhalaponso tsiku limene malonda alowa pansi ndipo mtima wako wasweka. Alipo amuna amene anagula mfuti poopa achifwamba, koma chipolopolo chake chinathera pa mkazi wawo kapena pa iwo eni. Khalani pansi awiri mukambirane, chifukwa mayi a kunyumba ndiwo adzagona nayo m'chipinda chimodzi. Akakana, usaumirire. Ukaona kuti mafunso amenewa akukuluma, ndalamayo ugulire zitseko zachitsulo, magetsi apanja ndi alamu, ndipo palibe amene adzakuyese wamantha.

Ngati mtima wako uli m'malo, tsata lamulo kuyambira poyamba. Mfuti m'dziko la South Africa zimayendetsedwa ndi lamulo lotchedwa Firearms Control Act, nambala 60 la chaka cha 2000. Limafuna munthu wa zaka 21 kapena kuposerapo, amene ndi nzika kapena ali ndi chilolezo chokhaliratu m'dzikomo. Iwe mapepala okhaliratu uli nawo, ndiye khomo ndi lotseguka. Choyamba ukachita maphunziro kwa aphunzitsi ovomerezeka, a malamulo a mfuti ndi a kagwiridwe ka mfuti yam'manja. Ukakhoza, ukapita kupolisi ya m'dera lako kwa wapolisi woyang'anira za mfuti, ukalemba fomu ya SAPS 517 yopempha chiphaso chosonyeza kuti ndiwe woyenera kugwira mfuti. Adzadinda zala zako ndi kufufuza mbiri yako, ngati unapalamulapo mlandu wachiwawa kapena wa nkhanza za m'banja. Laisensi ya mfutiyo umapempha padera pa fomu ya SAPS 271, ndipo imalembedwa pa mfuti imodzi yokha, ndi nambala yake. Pansi pa ndime 13, yomwe ndi ya kudziteteza, munthu amaloledwa mfuti imodzi basi, ndipo ayenera kufotokoza bwino chifukwa chimene akuifunira. Mfuti imene walipira imatsala kwa wogulitsa mpaka laisensi ituluke. Zimatenga miyezi, koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa nthawi yodikirayo adzakupeza anthu onong'oneza kuti ali ndi mfuti yotchipa yopanda mapepala. Uwathawe. Mfuti yotere sudziwa kumene yachokera ndi magazi amene yakhetsa, ndipo apolisi amatha kuzindikira mfuti poyeza chipolopolo ndi chikhokhombe chake. Kupezeka ndi mfuti yopanda laisensi kungakutsekerese m'ndende mpaka zaka 15. Sitolo, mapepala ako ndi sukulu ya ana zikhoza kupita tsiku limodzi.

Tsopano tikambe za mfutiyo. Popeza lamulo likupatsa imodzi yokha yodzitetezera, iyenera kugwira ntchito zonse ziwiri zimene watchula. Ogula koyamba amathamangira kamfuti kakang'ono kolowa m'thumba la buluku, poganiza kuti kakang'ono n'kosavuta. Zoona zake n'zakuti mfuti ikapepuka imakankha dzanja kwambiri powomba, chogwirira chake chimakhala chachifupi moti chala chakumapeto chimalendewera, ndipo tizitsulo tolingira timayandikana, motero kulasa kumavuta. Munthu akawomba kangapo dzanja limawawa, amasiya kuphunzira. Mfuti yaikulu kwambiri imalasa bwino, koma imalemera m'chiuno, ndipo mwiniwake amayamba kuisiya kunyumba. Iwe tenga yapakatikati. Mfuti ili ngati mpini wa khasu: wokomera mnzako ukhoza kukutulutsa matuza iwe. Igwire, uone ngati zala zako zikuzungulira bwino chogwirira, ngati chala chamkombaphala chikufika pa kachitsulo kowombera osapotoza dzanja, ndiponso ngati ukutha kukoka chakumtunda chija chimene chimalowetsa chipolopolo. Malo ambiri ophunzirira kuwombera amabwereketsa mfuti moyang'aniridwa ndi mphunzitsi. Pita ukayese mitundu itatu kapena inayi, dzanja lako ndi chandamale zikuuze zoona.

Pa zipolopolo, tenga 9mm, ija amailemba kuti 9x19 kapena Luger. Inapangidwa ndi Georg Luger kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo lero ndi imene apolisi ndi asilikali a mayiko ambiri amagwiritsa ntchito, kuphatikizapo apolisi a kumeneko. Imapezeka m'sitolo iliyonse ya mfuti, mtengo wake ndi wopiririka poyerekeza ndi zikuluzikulu, ndipo kukankha kwake munthu wamba amakuzolowera. Adzakunyengerera za .45 kapena .357 Magnum kuti ndizo zamphamvu. Mphamvu imene yaphonya ilibe phindu, ndipo imakalasa munthu wosalakwa kuseri kwa khoma. Kachipolopolo ka .22 n'kabwino kuphunzirira chifukwa n'kotchipa ndipo sikakankha, koma usadalire ikako pa moyo wako. Ngati ukufuna kuyambira pamenepo, bwereka mfuti yake kumalo ophunzirira.

Mitundu ikuluikulu ya mfuti zam'manja ndi iwiri. Pali volovolo, ya chigubu chozungulira, imene kawirikawiri imatenga zipolopolo 5 kapena 6 za .38 Special. Siivuta kuimvetsa, ndipo chipolopolo china chikakana kuphulika umangokokanso. Koma kachitsulo kake kowombera n'kolimba, kulasa nayo bwino kumafuna kuphunzira kwambiri, ndipo kuikamo zipolopolo zina kumachedwa. Pali pisito ya magazini, imene imanyamula zambiri ndipo imalasa mosavuta, koma uyenera kuphunzira kuikonza msanga ikatsamwa. Ndipo kumbukira ichi masiku onse a moyo wako: ukachotsa magazini, chipolopolo chimodzi chikhoza kutsala m'kati. Ngozi zambiri za “ndimayesa mulibe kanthu” zimachokera pamenepa.

Ukafuna maina, Glock 19 ya ku Austria ndi yapakatikati, imatenga zipolopolo 15, ndipo magazini ndi zipangizo zake sizisowa. Ilibe kachitsulo kotsekera kapambali, choncho imafuna chimake cholimba chophimbiratu powombera. Kampani ya CZ ya ku Czech Republic ili ndi CZ 75 yachitsulo, imene inatuluka mu 1975, yokoma m'dzanja koma yolemerako, ndiponso P-07 ndi P-10 zopepukirapo. Vektor Z88, yopangidwa komweko potengera Beretta 92, ndi imene apolisi akhala akunyamula. Ndi yolimba koma yaikulu, yovuta kuibisa. Yogwiritsidwapo kale ntchito si yoipa, bola idutse mwa wogulitsa wovomerezeka ndipo mmisiri wa mfuti aiyang'ane. Chimene ndikukuletsa ndi mtundu wosadziwika umene ukathyoka kasipuling'i umasowa kogula.

Powerengera ndalama, usathere zonse pa mfuti. Pakufunika bokosi lachitsulo lokhoma, lija amati safe, lovomerezeka ndi SABS ndi lomangiriridwa kukhoma kapena pansi, ndipo apolisi amatha kubwera kudzaliona. Pakufunika chimake chabwino ndi lamba wolimba, zotseka m'makutu, magalasi oteteza maso, zotsukira mfuti, ndalama za mphunzitsi ndi za zipolopolo. Lamulo silikulola kusunga zipolopolo zoposa 200 pa mfuti yotereyi, choncho uzigula pang'onopang'ono. Bola mfuti ya mtengo wapakati yokhala ndi mwini wophunzira, kusiyana ndi yodula imene mwini wake anaiwomba tsiku loigula lokha.

Malamulo anayi awa uwaloweze. Mfuti iliyonse uziiyesa kuti ili ndi chipolopolo. Usailozetse pa chinthu chimene sukufuna kuchiwononga, ngakhale mocheza, ndipo kumeneko kuloza munthu ndi mfuti popanda chifukwa chomveka ndi mlandu pakokha. Chala chisakhudze kachitsulo kowombera mpaka walinga ndipo watsimikiza zowomba. Uzidziwa chimene ukulasa ndi chimene chili kuseri kwake. Chiphaso cha maphunziro oyamba aja chisakunamize kuti wadziwa. Uzipita kukaphunzira mwezi uliwonse, kuyambira pafupi, pang'onopang'ono, liwiro lidzabwera lokha.

Mfuti ili ndi malo awiri okha: m'chiuno mwako kapena m'bokosi lokhoma. Pansi pa pilo, pamwamba pa kabati, m'dirowa ya kusitolo ndi m'galimoto si malo ake. Ana amadziwa paliponse pamene makolo amabisa zinthu, choncho kiyi aziyenda nawe. Ukatuluka nayo, lamulo likuti ikhale m'chimake ndi yophimbika yonse. Usaionetse kwa anzako, usajambulitse nayo zithunzi za pa Facebook, chifukwa achifwamba amasaka mfuti kuposa ndalama za m'sitolo. Ikabedwa kapena kusowa uyenera kukanena kupolisi pasanathe maola 24. Tsiku limene wakonza zomwa mowa, itsale m'bokosi.

Mawu olemera kwambiri ndi awa. Lamulo limakulola kuwombera munthu pokhapokha moyo wako kapena wa wina uli pangozi yeniyeni nthawi yomweyo, ndipo palibe njira ina yopulumukira. Silikulola kupha chifukwa cha katundu yekha, kapena kuwombera wakuba amene akuthawa. Mu 2004, Rudi Visagie, amene kale ankasewera rugby m'timu ya dzikolo, anaona galimoto ikutuluka pakhomo pake m'bandakucha. Anayesa wakuba, nawombera. M'galimotomo munali mwana wake wamkazi wa zaka 19, ndipo anamwalira. Pa 14 February 2013 ku Pretoria, Oscar Pistorius anawombera kanayi pachitseko chotseka cha chimbudzi n'kupha Reeva Steenkamp. Iye anati ankayesa wakuba, koma mu 2015 khoti la apilo linamupeza wolakwa pa mlandu wakupha, chifukwa ankadziwa kuti aliyense amene ali kuseri kwa chitsekocho akhoza kufa. Usawombere mthunzi, phokoso kapena chitseko. Sunga tochi pafupi, itana mokweza, werenga ana ako. Achifwamba akakutulukira atakuloza kale mfuti, apatse ndalamazo. Katundu tidzagula wina.

Laisensi yodzitetezera imatha pakapita zaka 5, ndipo uyenera kupempha yatsopano kusanatsale masiku 90 kuti ithe. Lemba tsikulo poonekera, chifukwa ikangotha ndiye kuti ukusunga mfuti popanda chilolezo. Dziwanso kuti laisensi imeneyo ndi ya South Africa yokha. Pobwera kuno kumudzi usayerekeze kudutsa nayo pa Beitbridge kapena pa Mwanza. Malawi ali ndi lamulo lake la mfuti. Uisiye motsatira zimene wapolisi woyang'anira za mfuti angakulangize.

Langizo langa ndi ili: pisito yapakatikati ya 9mm, ya kampani yodziwika, imene waiyesa ndi dzanja lako, yogulidwa mwalamulo, bokosi lake litamangidwa kale kukhoma. Ukhale wofatsa kuposa kale, wothawa mikangano ya pamsewu ndi ya kumowa, chifukwa wonyamula mfuti alibenso ufulu wopsa mtima. Kalatayi muwerengere limodzi ndi mayi a kunyumba, ndipo undiyankhe zimene mwagwirizana usanalipire kalikonse. Undiperekere moni kwa ana. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine malume ako.