Great East Road: ma plot ni mbwee, koma osathamanga na ndalama

Kwerani basi ya ku Chongwe pa Chiweru m'mawa, mukhale pa windo. Mukapitirira Manda Hill, UNZA na Chelstone, mukadumpha roundabout ya ku airport, Lusaka iyamba kupuma. Kuchoka apo mpaka ku Chongwe, makilomita pafupifupi 45 kuchoka mu tauni, chamene chimera kwambiri m'mbali mwa mseu ni ma poster ya ma plot. Pa mtengo, pa chipupa, olo pa kantemba ka tomato, pali nambala ya foni ya ba agent.

Malo yeve ni abwino, tisaname. Mphepo ni yozizira, chongo kulibe, ndipo ku Silverest ma wall fence atsopano achita kupikisana. University of Lusaka ili na campus kwamene uko, Chalimbana University nayo ili mu Chongwe, so aliyense wa tundalama alota boarding house olo ma flat a renti. Apa ndiye pamene anthu ambiri agwera mu mbuna.

Choyamba, funsani kuti nthaka ni ya ndani. Mukapatuka mu tara kulowa mu minzi, malo ambiri ni a mwambo wa Asoli, pansi pa Senior Chieftainess Nkomeshya Mukamambo II. Kalata ya ba headman si title deed. Kuti malo otere akhale pa title, pafunika chilolezo cha mfumu, khonsolo ivomereze, ndiye nkhani ifike kwa Commissioner of Lands. Olo title yamene iyo ni lease ya zaka 99, chifukwa Lands Act ya 1995 inaika nthaka yonse m'manja mwa Pulezidenti. Popanda pepala imeneyo, banki siingakupatseni loni pa nyumba yanu.

Chachiwiri, plot imodzi itha kukhala na eni ake atatu, onse na ma risiti. Mukaona pa gate palembedwa kuti malo aya sagulitsidwa, dziwani kuti mwini wake anatopa na ma conman. Musanapereke olo ngwee, pitani ku Ministry of Lands mukachite search, muone ngati dzina ya pa title ni yamene ili pa NRC ya wogulitsa. Itanani surveyor akuonetseni ma beacon, osati mudala woloza na chala kuti malire ni chulu chija.

Kulinso malo amene simufunika kumangapo olo mtengo utsike bwanji. Forest 27, kumene kuchokera mtsinje wa Chalimbana, yakokana anthu mpaka ku khoti. Ku Chingola mu August 2022, khonsolo inagwetsa nyumba zopitirira 300 zimene zinamangidwa pa malo a Kasompe Airstrip. Bulldozer siifunsa kuti simenti munagula zingati.

Ndiye pali nkhani ya madzi. Ba agent akonda kuonetsa plot mu July, udzu utauma, mseu uli bwino. Bwererani mu February mvula ili pakati. Pamene panaoneka flati pangakhale ni dambo, ndipo wa ku Kanyama angakuuzeni zimene madzi achita ku nyumba na ku chimbudzi. Mu October funsani ma neba ngati borehole yawo ikali kutulutsa madzi. Onani naponso pamene pathera ma pole ya ZESCO. Tenanti salipira renti pa nyumba yopanda malaiti, yamene taxi ikana kufikako.

Pitani ku Chongwe, mukadye nyama yootcha pa mseu, mugule na chimanga. Plot ione kawiri, mu dzuwa na mu mvula, loya aone mapepala, ndiye mutulutse ndalama. Ba agent akakuuzani kuti lipirani lelo chifukwa mailo kubwera wina na cash, musiyeni wa cash uja agule.