Nambala ya pa thalauza la kaunjika

Pa msika wa Nsaru, taonani mmene abambo amasankhira thalauza pa kaunjika: amamanga batani, n'kuzunguliza chiuno chake m'khosi. Nsonga zikakumana kumbuyo, akuti likwana. Ine njira imeneyi ndimaikhulupirira kuposa nambala ya pakansalu kamkati.

Pa jinzi ya abambo, 32 ndi mainchesi, pafupifupi masentimita 81. Koma jinzi yoti wina anavala kale, n'kuichapa kambirimbiri, inatamuka kapena kufupika. Za amayi ndiye zosokoneza zedi: diresi ya 12 ku UK, ku France ndi 40, ku America ndi 8, zonse mulu umodzi.

Choncho mukadutsa pa Namitete, apempheni atelala akuyezeni chiuno ndi tepi, musabweze mimba, ndipo muyesowo muusunge mufoni.