Ndinakwera Khwekhwerere ndi juzi, osaivala

Ndimaphunzitsa Geography pasukulu ina ya sekondale yoyendera m'boma la Salima, kufupi ndi nyanja, komwe juzi imatha chaka ili m'sutikesi. Mu Ogasiti 2023 ndinanyamuka kukazonda amalume anga kufupi ndi Bembeke ku Dedza. Mayi a kunyumba anandilongedzera majuzi awiri, chipewa cha ulusi ndi sokosi zochindikala, poti aliyense amadziwa kuti kumeneko munthu wa kunyanja amakagona akunjenjemera. M'chikwama momwemo ndinaikamonso themometa ya kusukulu kwathu, ija yosonyeza kutentha kwa masana ndi kuzizira kwa usiku.

Minibasi inadutsa Chipoka, Mtakataka ndi Mua mpaka pa Golomoti. Kuchoka apo msewu umayamba kukwera Khwekhwerere, mokhotakhota ngati njoka, ndipo ukacheuka umaona chigwa chonse chili pansi, nyanja ikuoneka patali ngati utsi. Ana m'kalasi ndimawauza kuti munthu akakwera mamita 1,000, mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndiye ndinkayembekeza kuti tikamafika pa Masasa, pomwe msewuwu umakumana ndi M1, ndikhala nditavala kale juzi. Koma ayi. Amayi ogulitsa kachewere ndi kabichi m'mbali mwa msewu anali atafunda zitenje kumutu pothawa dzuwa, ndipo wakabaza amene ananditenga anali m'malaya okha.

Amalume ndi mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito. Atangondilonjera anayamba nkhani ya nyengo. “Aphunzitsi,” amakonda kundiitana choncho mondiseleula, “Ogasiti wotere sindinamuonepo chibadwire. Kale mwezi uno tinkaothabe moto m'mawa.” Masiku omwewo ndinali nditawerenga pafoni kuti ku Buenos Aires, likulu la Argentina, kunatentha madigiri 30.1 pa 1 Ogasiti, pomwe kumeneko nakonso inali nyengo yozizira ngati kuno, poti tonse tili kumwera kwa equator. M'zaka 117 zomwe akhala akulemba, tsiku limeneli linali lisanatenthepo chotero. Nditawauza, anagwedeza mutu n'kunena kuti nawonso ali ndi umboni wawo.

Analowa kuchipinda n'kutuluka ndi makope atatu a chikuto cholimba, onunkha utsi, m'makona mutadyedwa ndi njenjete. Ali mphunzitsi wachinyamata m'zaka za m'ma 1980, ankalemba kutentha kwa tsiku ndi tsiku pasukulu yapulayimale yomwe ili pafupi ndi kwawoko. Mizere yake yolembedwa ndi rula, deti kumanzere, nambala pakati, ndemanga kumanja. Kunena zoona mtima unandigunda. Ndinkaganiza kuti ndapeza chokaonetsa ana anga a Fomu 3: nayi Dedza ya kale, nayi ya lero.

Chimwemwecho sichinakhalitse. Kope loyamba linali mu Fahrenheit, lachitatu mu Celsius, kutanthauza kuti pakati penapake themometa inasinthidwa, koma palibe tsamba lonena tsiku lake. Nambala zina zinali m'zilembo za ana. Amalume anavomera kuti ankatuma ana a Sitandade 8 mosinthana, ena akuwerenga belu lisanalire, ena pa buleki dzuwa litakwera. Loweruka ndi Lamlungu munalibe kanthu. Patchuthi munali mipata ya masabata athunthu. Nditafunsa kuti chipangizocho chinkakhala pati, anati pakhoma la khonde la ofesi, pamsomali.

M'mawa mwake tinapita kukaona khondelo. Likadalipo, koma mkuyu umene unkapereka mthunzi pamenepo anaudula kalekale, pansi anathira simenti, ndipo pafupi anamangapo buloko ina yofolera malata yomwe imatchinga mphepo. Tinapachika themometa yanga pakhomapo chakumasana, kenaka tinaisamutsira pansi pa mtengo, pamwamba pa udzu, mtunda wosakwana poponya mwala. Inatsika ndi madigiri angapo. Tsiku lomwelo, ola lomwelo, mudzi womwewo. Amalume anangoti kukamwa yasa, kenaka n'kuseka: “Ndiye kuti zaka zonsezija ndinkayeza khoma?”

Ichi n'chifukwa chake a zanyengo amaika zipangizo zawo m'kabokosi koyera ka timipata, kamene timakaphunzitsa m'kalasi ndi dzina loti Stevenson screen. Anakakonza ndi Thomas Stevenson wa ku Scotland mu 1864. Kamakhala pamiyendo, kupitirira pang'ono mita imodzi kuchoka pansi, pamalo a udzu waufupi, kutali ndi nyumba ndi mitengo. Utoto woyera umabweza dzuwa, timipata timalola mphepo kudutsa, kuti choyezedwa chikhale mpweya osati thabwa kapena njerwa. Kusukulu kwathu kalipo, koma chitseko chinathyoka ndipo mkati munamanga mavu. Ndikunena izi mwamanyazi chifukwa woyenera kukasamala ndine.

Kuti amalume asakhumudwe ndinawafotokozera kuti zoterezi zinagwerapo ngakhale akuluakulu. Kwa zaka 90 mabuku ankati malo amene anatenthapo kwambiri padziko lonse ndi El Azizia ku Libya, madigiri 58 pa 13 Seputembala 1922. Mu 2012 bungwe loona zanyengo padziko lonse la World Meteorological Organization linafufuzanso nkhaniyi n'kuikana nambalayo. Linapeza kuti chipangizo chinali chovuta kuwerenga, wowerengayo ayenera kuti anali wachilendo pantchitoyo, malowo anali ndi pansi potentha ngati phula, ndiponso nambalayo sinkagwirizana ndi za malo oyandikana nawo. Akuti inapitirira ndi madigiri pafupifupi 7. Ulemuwo unabwerera ku Death Valley ku America, madigiri 56.7 a pa 10 Julaye 1913, ngakhale nawonso alipo akatswiri amene amawakayikira.

Madzulo kunabwera mnzawo wina wa amalume, mlimi wa kachewere, ndipo atamva nkhaniyi anailanda. Iye anati ngati nambala zakale zili zolakwika chotere, ndiye kuti zonse zoti dziko likutentha ndi nkhambakamwa chabe. Apa sindinagwirizane naye. Nambala ya ku Libya anaigwira bodza poiyerekeza ndi zolemba zina zakale zomwezo. Malo amodzi akhoza kunama chifukwa cha mtengo wodulidwa kapena simenti, koma malo zikwizikwi, pamtunda ndi panyanja, oyezedwa ndi anthu osadziwana, sangapangane kunamira mbali imodzi. Ndipo akatswiri akaona kuti siteshoni inasamutsidwa kapena inasintha chipangizo, amaiyerekeza ndi zinzake zapafupi n'kukonza kusiyanako. Ku Britain, komwe nyengo yozizira imatha mu Febuluwale, pa 26 Febuluwale 2019 ku Kew Gardens mu London kunafika madigiri 21.2, kuposa tsiku lina lililonse la nyengo yozizira m'zolemba zawo. Iwo amatha kunena zimenezi molimba mtima chifukwa amadziwa pomwe bokosi lililonse linali ndi amene ankaliwerenga. Mlimi uja sanagonje kwenikweni, koma anavomera yekha kuti dimba lake masiku ano likuuma msanga ndipo akuthirira kawiri pomwe kale ankathirira kamodzi.

Usiku umenewo ndinawerenganso makope aja ndi tochi, ndipo ndinaona kuti ndinkayang'ana mzere wolakwika. Chuma chinali kumanja, m'ndemanga. Pena analemba kuti chisanu chawaula kachewere kudambo. Pena kuti nkhungu sinachoke mpaka masana. Pena kuti ana aang'ono sanabwere ambiri chifukwa cha mphepo. Izi sizidalira msomali kapena khoma. Tsiku limene chisanu chinagwa kudambo ndi tsiku limenelo basi, ndipo munthu akhoza kuwerenga kuti masiku otero anali angati pachaka, n'kumafunsa alimi a m'dambo lomwelo kuti lero akumakhala angati. Sizingatiuze ngati Ogasiti wa 2023 anaposa onse ku Bembeke. Funso limenelo n'la a nthambi yoona zanyengo, amene ali ndi siteshoni yawo ku Dedza. Koma nazonso ndemangazi ndi mbiri, ndipo ndikukayika ngati ilipo ina yonga iyi ya dambo limenelija.

Ndinapempha kuti ndibwereke makopewo ndikawakopere. Amalume anayamba akana, poti zobwereka sizibwerera, kenaka anandipatsa awiri n'kusunga limodzi ngati chikole. Anandilamula kuti ndikakonza bokosi lathu, patsamba loyamba la kope langa ndikajambule mapu a malowo, mtengo uliwonse ndi nyumba iliyonse, ndi kulemba ola lowerengera. M'bandakucha wa tsiku lobwerera kunazizirako ndithu, koma pofika pamsewu dzuwa linali litayamba kale kuwotcha. Ndinatsika Khwekhwerere makope aja nditawakulunga m'juzi kuti asalowe fumbi.